Ndikonze Kaye, Asisi

Dzina lakuti Sefa anamupatsa ndi anzake a kuntchito, ndipo linamukakamira mpaka amuna ake omwe ankamuitana choncho akafuna kumuputa. Kwa zaka khumi ndi zitatu anagwira ntchito pakampani ina yolemba mapulogalamu a kompyuta, aja amagwiritsa ntchito m'masitolo ndi m'malo ogulitsira mankhwala. Poyamba nayenso ankalemba khodi, ndiye kuti mizere ya malamulo imene imauza kompyuta chochita. Koma abwana ataona kuti maso ake sadumpha kanthu, anamuika pakhomo: khodi iliyonse imene anzake alemba inkayenera kudutsa kwa iye isanapite kwa makasitomala. Zosalala zinkadutsa, zamiyala zinkatsala pamwamba.

Anali mayi wamfupi, woyenda ndawala ngati wasiya mkaka pamoto. Akakhala pampando mwendo wake sunkakhala, unkangonjenjemera pansi pa tebulo mpaka makapu a anzake n'kumalira.

Maganizo oyamba ntchito yakeyake anamufikira pang'onopang'ono. Ankaona achinyamata ambiri akulemba mapulogalamu okhaokha, wina m'chipinda cha lendi, wina pakona ya sitolo ya amalume ake, popanda wowawerengera. Munthu sadziona kumsana, ndipo khodi imene walemba wekha imaoneka yabwino nthawi zonse. Ndiye anati bwanji iye akhale diso lachiwiri la anthu oterewa? Munthu atumize khodi yake pa webusayiti, ndipo pasanathe maola atatu alandire yankho lomuuza pomwe pali dzenje.

Abwana anamumvetsera mpaka kumaliza, akuzunguza cholembera pa zala.

"Pitani mukayese," anatero. "Mpando wanu ndiusunga miyezi itatu. Lachisanu lomaliza la mwezi wachitatu, isanakwane 4 koloko, mubwere nokha mudzasaine kuti mwabwerera. Mukapanda kuoneka, Lolemba ndiikapo wina."

"Sindibwerera, bwana."

"Mubwerera. Kapu yanu sindichotsa n'komwe."

Kunyumba anatenga kachipinda kosungiramo katundu. Amuna ake, omwe ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, anachotsamo matayala akale awiri ndi zikwangwani zofiira zija amamata pa galimoto ya wophunzira. Munatsala tebulo, mpando ndi zenera loyang'ana khoma la aneba. Sefa anaikapo laputopu yake n'kukonza kuti khodi ikangofika, foni yake izilira ngati kabelu ka njinga.

Anatsegula ntchitoyo Lolemba m'mawa. Analengeza m'magulu onse a pafoni momwe olemba mapulogalamu amachezeramo, ndipo mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati zimenezi zinachedwa. Wina anati tsopano tipuma. Pofika Loweruka anthu makumi anayi ndi atatu anali atalembetsa mayina awo. Sefa anagula kope latsopano loti azilembamo ndondomeko ya ntchito za tsiku, poopa kuti zingamuchulukire.

Kabelu sikanalire sabata imeneyo, ngakhale yotsatira.

Lonjezo la maola atatu lija linamumanga ngati mbuzi pachikhomo. Sankapita kutali ndi laputopu. Kumsika ankagula mothamanga osanenerera n'komwe. Posamba ankaika foni m'pepala la pulasitiki n'kuipachika pa msomali. Kawirikawiri ankadzitumizira yekha khodi kuti aone ngati njira ili yotseguka, kabelu n'kulira bwinobwino, iye n'kukhumudwa kuti palibe chowonongeka choti akonze. Batani lotumizira analisintha mtundu katatu: linali lobiriwira, linakhala lachikasu, kenako linabwerera kobiriwira. Ataganiza kuti mwina anthu akuopa mtengo, analemba kuti ulendo woyamba ndi waulere. Anthu ena asanu ndi awiri analembetsa. Wotumiza panalibe.

"Kodi kabelu kanu kaja kali ndi moyo?" anafunsa amuna ake tsiku lina atabwera kudzadya masana. "Kapena tikagulire mkaka?"

"Bambo, musandiyambe."

"Ine ndimati ndithandize. Ndikhoza kulemba khodi yanga n'kutumiza. Mzere woyamba: ponda kilatchi."

"Muli ndi mwayi kuti ndagwira kapu ya tiyi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Khalani pansi. Simenti ya pakhondepo mwaimaliza ndi mapazi."

Koma kudekha sikunali m'magazi mwake. Mwezi wachiwiri anasindikiza timakhadi n'kupita ku holo ina ya pamwamba pa sitolo ya zitsulo, kumene olemba mapulogalamu amachita lendi matebulo. Munali mizere inayi ya matebulo, mawaya ali balala pansi ngati mizu, ndi fani imodzi imene inkatembenukira kwa aliyense mwaulemu koma osathandiza aliyense. Atangolowa, anthu anadzuka. Wina anamupatsa mpando, wina anathamangira madzi akumwa. Koma Sefa anaona chinthu china: pamene ankadutsa, malaputopu ankatsekeka imodziimodzi ngati maluwa a madzulo.

"Ntchito yanu ija ndi yabwino kwambiri, madamu," anatero mtsikana wina wa magalasi. "Ine ndinalembetsa tsiku loyamba."

"Nanga bwanji simunatumize?"

"Nditumiza ndithu. Ndikonze kaye pang'ono."

Wachiwiri ananena zomwezo. Wachitatu anati yake ili pafupi kupsa. Wachinayi anaseka n'kuti, "Yanga mukaiona panopa mukhoza kukomoka, ndiye ndani akunyamuleni pa masitepe aja?" Onse anatenga timakhadi n'kutisunga mosamala m'matumba. Sefa anatsika akuwiringula mumtima. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma awa m'mimba mukuwapota, chitseko chili pululu, iwo akuti adikire kaye mimba ichire.

Masabata anatha choncho. Kope lija linali ndi madeti okha. Sabata yomaliza itafika, abwana anatumiza uthenga wa mawu atatu: "Lachisanu, 4 koloko."

Lachitatu m'mawa Sefa anayang'ana mndandanda wa olembetsa, maso ake n'kuima pa dzina loyamba. Anali mnyamata amene anamuphunzitsa yekha ntchito kukampani kuja zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsopano bambo wa ana awiri. Anzake ankamutcha Mawamawa chifukwa ukamufunsa kuti ntchito itha liti, yankho lake linali limodzi. Masiku ano ankasamalira yekha pulogalamu yogulitsira matikiti pakampani ina ya mabasi. Tsiku lotsegulira lija anaimba foni n'kunena kuti, "Asisi, mwabwera ngati mvula yoyamba. Pulogalamu yanga nthawi zina ikugulitsa mpando umodzi kwa anthu awiri, ndipo sindikuona pomwe palakwika." Kuyambira pamenepo, zii.

Sefa anaika laputopu m'chikwama n'kupita komweko.

Kaofesi ka Mawamawa kanali kuseri kwa depoti, pakati pa chipinda cha katundu wotayika ndi mpope wotsukira mabasi. Pakhomo anakumana ndi kondakitala akutuluka, thukuta lili kamukamu.

"Mukamuuze m'bale wanuyu," anatero kondakitalayo osafunsa n'komwe kuti ndi ndani. "Lero mpando 14 ndapezapo agogo ndi msilikali, aliyense ndi tikiti yake. Ine ndiwanyamule pamiyendo?"

M'katimo Mawamawa anadzuka msangamsanga, dzanja limodzi likupereka moni, linalo likutseka laputopu.

"Asisi, bwanji osaimba kaye?"

"Ndikanaimba ukanati ndibwere mawa. Masabata khumi ndi imodzi, achimwene. Khodi ija ili kuti?"

"Ili pafupi. Ndikonze kaye, asisi."

"Ukukonza chiyani? Vuto la mipando walipeza?"

Mawamawa anakanda kumutu. Anachotsa bokosi la mapepala a matikiti pampando kuti mlendo akhale, koma mlendo sanakhale.

"Kumeneko sindinafikeko," anatero. "Ndinayambira kumwamba. Mayina ena ndinawalemba mwachidule ndiye ndikuwatalikitsa kuti amveke. Mizere ina inali yokhota. Pena panalibe mawu ofotokozera. Tsiku lililonse ndikaweruka ndimakonzako pang'ono. Ndafika pakati."

"Masabata khumi ndi imodzi ukusesa pabwalo, nyumba ikupsa kuseri?"

"Ndimafuna kuti mukaiona musakhumudwe."

"Ine ntchito yanga ndi yoona zokhumudwitsa. Zabwinozo unditumizire kuti nditani nazo, ndizipachike pakhoma?"

Mawamawa anaseka pang'ono, kenako anayang'ana pa zenera pomwe anyamata ankapopera basi madzi.

"Mzere 212," anatero. "Mukukumbukira?"

"Mzere wa chiyani?"

"Mwezi wanga wachiwiri kukampani kuja. Pulogalamu ya sitolo ya mankhwala. Munalemba kuti: Kodi polemba izi munali maso?"

Sefa anafufuza m'mutu mwake koma sanapezemo kanthu. Ndemanga zotero analemba mazanamazana.

"Ngati ndinalemba choncho ndiye kuti panali polakwika."

"Panali polakwikadi. Ndinakonza tsiku lomwelo, ndipo cholakwa chimenecho sindinachibwerezenso. Koma ndemanga zija ofesi yonse inkaziwerenga, asisi, dzina langa lili pamwamba. Mwezi wathunthu ndikalowa m'mawa anyamata ankandifunsa kuti, lero uli maso? Mpaka pano ndikamalemba ndimamva tebulo likunjenjemera kumbuyo kwanga."

"Zaka zisanu ndi chimodzi?"

"Si ine ndekha. Ku holo kuja theka la anthu anadutsa m'manja mwanu, theka linalo linamva nkhani. Aliyense ali ndi mzere wake. Timachita kupikisana kuti wopweteka kwambiri ndi wa ndani. Musaganize kuti amakudani, ayi. Amakulemekezani kwambiri. N'chifukwa chake sakutumiza."

Apa ndiye Sefa anakhala pansi. Panja injini ya basi inalira, wina akuitanira anthu ochedwa. Iye ankadziwa kuti ndi wolimba pa ntchito, ndipo ankanyadira zimenezo. Ankaganiza kuti kulimbako ndiye katundu amene akugulitsa.

"Chabwino," anatero, mawu atatsika. "Tsegula tione limodzi. Palibe wina aliyense muno."

Mawamawa anaika dzanja pa laputopu. Anaitsegula pang'ono, kuwala n'kutuluka ngati pa chitseko chosatseka bwino, kenako anaitsekanso.

"Mawa, asisi. Ndithu mawa."

Pobwerera Sefa sanakwere kanthu. Anadutsa siteji yoyamba wapansi, yachiwirinso, chikwama chikumumenya m'nthiti. Anakwiyira Mawamawa mpaka pa mlatho wa oyenda pansi. Kuchoka pamenepo anakwiyira anyamata a muofesi aja. Pofika pa sitolo yokonzera mafoni ya pafupi ndi kwawo, analibenso wina womukwiyira, ndipo m'maso mwake munabwera fomu ya pa webusayiti yake. Anali ataikonza yekha mwadongosolo: dzina lonse, kumene mumagwira ntchito, nambala ya foni, zaka zimene mwakhala mukulemba khodi. Zonsezo munthu ayankhe kaye, kenako avule malaya aonetse chilonda.

Lachinayi m'mawa anachotsa mafunso onsewo. Anasiya bokosi loikamo khodi ndi kampata kolembapo chimene chikuvuta. Wotumiza azingopatsidwa nambala, ndipo yankho azikalipeza ndi nambala yomweyo, osaonedwa ndi wina aliyense. Pamwamba analemba mizere iwiri, ataifufuta n'kuilembanso kasanu: "Musasese. Tumizani mmene ziliri, dzina lanu sindikulifuna." Anatumiza uthengawo m'magulu onse aja.

"Ndiye odwala anu azibwera atavala chigoba kumaso?" anafunsa amuna ake atasuzumira pakhomo.

"Bola abwere."

"Komatu n'zoona. Ine wophunzira akazimitsa galimoto pa mphambano, chimene amaopa si galimoto ayi. Amayang'ana pagalasi kuti aone ngati kumbuyoko kuli womudziwa."

"Bwanji simunandiuze zimenezi mwezi woyamba?"

"Munali kalikiliki ndi mtundu wa batani."

Tsiku limenelo linatha kabelu kali chete. Lachisanu m'mawa Sefa anatulutsa diresi yake ya kuntchito n'kuisita, kolala kawiri. Anapukuta nsapato. Amuna ake anaona zonsezo koma ulendo uno sanaseleule. Anangomugwira paphewa potuluka.

Kabelu kanalira itatsala pang'ono 11 koloko. Sefa anayamba wayang'ana panja kuti mwina ndi njinga yeniyeni. Kenako anathamangira m'kachipinda kaja, simbi n'kuisiya itaima pa tebulo.

Nambala 1. Dzina panalibe, koma mzere wachitatu womwe unkanena za mabasi, mipando ndi matikiti. Munthu anabisa nkhope n'kuiwala kuti wanyamula depoti yonse pamutu. Theka loyamba la khodiyo linali losesedwa mpaka kuwala. Theka lachiwiri linali monga analisiyira, ndipo m'malo ena mwini wake anali atalembamo mawu amodzi okha: kaya.

Vuto linali m'theka losasesalo, ndipo analipeza pasanathe ola. Pulogalamuyo inkayamba yafunsa ngati mpando uli wopanda munthu, kenako n'kulemba kuti wagulidwa. Pakati pa kufunsa ndi kulembako panali kampata kakang'ono ngati kuphethira kwa diso. Ogulitsa awiri a pa mawindo osiyana akadina nthawi imodzi, onse ankauzidwa kuti mpando ulipo.

Zala zake zinalemba zokha: "Izi ndi zimene amaphunzitsa chaka choyamba." Anawerenga chiganizocho. Chinali choona. Anachifufuta chilembo chimodzichimodzi. Panalinso tina ndi tina tokwana makumi atatu timene maso ake anatola m'njira, ndipo tonse tinkamuyabwa. Anasankhapo tiwiri toopsa, tinato n'kutisiya. Kenako analemba: "A Nambala 1, vuto lanu lili pa mzere 640, ndipo ndi lobisala ndithu, limaoneka pokhapokha anthu awiri akadina pamodzi. Kufunsa ndi kulemba zikhale chinthu chimodzi, motere." Anaonetsa kakonzedwe kake m'mizere isanu ndi umodzi n'kutumiza.

Yankho linabwera patangopita mphindi makumi awiri: "Zatheka. Zikomo kwambiri, asisi." Pansi pake panabweranso lina: "Ndimati madamu. Simukundidziwa."

Sefa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Koma kuseka kutatha anayamba kulingalira. Munthu mmodzi m'miyezi itatu, ndiponso munthu woti anachita kumulondola mpaka kuseri kwa depoti. Mwina anatumiza chifukwa cha chisoni chabe. Pa zimenezi munthu sangatayirepo mpando wa zaka khumi ndi zitatu. Ulendo wa kukampani unali wa ola lathunthu misewu ikadzaza, ndiye 2 koloko itapitirira anavala diresi ija, n'kutseka zenera, n'kukiya chitseko.

Anali atafika pa geti pomwe kabelu kanaliranso m'chikwama.

Nambala 2. Anatsegula pafoni pomwepo, dzuwa likumuomba, dzanja linalo litagwira loko. Inali pulogalamu yoitanira odwala pa mzere pa kachipatala kena, yonse yothiridwa mu fayilo imodzi yaitali ngati chingwe cha pachitsime. Anayang'ana kalembedwe kake, mmene munthuyo amatchulira zinthu, mmene amadumphira mizere. Anthu onse amene anawaphunzitsa ankawazindikira ndi kalembedwe kawo monga mayi azindikira kutsokomola kwa mwana wake. Uyu sanamuzindikire. Pa kampata kofotokozera vuto panali mawu akuti: "Pepani, ndi zauve. Ena akumaitanidwa kawiri, ena osaitanidwa n'komwe. Ndilibe wondifunsira."

Anayang'ana nthawi. Maola atatu a munthuyu ankatha cha m'ma 5 koloko. Kupita kukasaina ndi kubwerako kukanadya awiri, ndipo fayilo yotere sikanatheka mu ola limodzi lotsalalo. Anaima pa getipo, akutsegula loko n'kutsekanso. Mayi wina woyandikana naye nyumba anadutsa n'kumufunsa ngati kiyi wathyoka. Anayankha kuti ayi, ali bwino.

Kenako anaimba foni.

"Muli panjira?" anafunsa abwana. "Pepala lili pa tebulo."

"Ndili pa geti, bwana. Koma sindibwera."

"Anthu ayamba kutumiza?"

"Ayamba."

"Angati?"

"Awiri."

Pafoni paja Sefa ankamva cholembera chikugogoda tebulo.

"Awiri pa tsiku?"

"Awiri basi. Woyamba ndi wodziwana naye."

"Nanga wachiwiriyo?"

"Sindikumudziwa."

"Mayi, mukutaya mpando chifukwa cha munthu woti simukumudziwa n'komwe?"

"Chifukwa chake n'chomwecho, bwana. Sindinamupemphe, sindinamulondole. Wabwera yekha, ndipo ndinamulonjeza maola atatu."

"Mawa kukapanda kubwera wachitatu?"

"Ndiye kuti ndalakwitsa. Koma lero ndili ndi ntchito."

Abwana anapumira m'mwamba. Anati Lolemba aikapo wina monga ananenera, ndipo asadzati sanachenjezedwe. Sefa anati wamva, n'kuthokoza chifukwa cha miyezi itatu ija. Kenako anadula foni.

Anabwerera m'nyumba ndi diresi yake yositasita, n'kutsegulanso zenera. Fayilo ija inali ndi mizere yoposa chikwi chimodzi, ndipo pa maola atatu aja mphindi makumi awiri zinali zitapita kale. Anakoka mpando. Asanayambe kusaka cholakwika, analemba kaye mzere umodzi woti munthuyo aupeze akabwera kudzasuzumira: "A Nambala 2, ndalandira, ndipo ndayamba kuwerenga. Mwachita bwino kutumiza mmene ziliri."